Za ulendo wako wa ku Siq al-Barid

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti tchuthi chino ukupita ku Jordan, ndipo ukupita ndi mnzako uja. Ulendowo sindikuukana ayi. Wakhetsa thukuta, ndalama ndi zako. Chimene chikundisowetsa tulo ndi munthu amene wasankha kuyenda naye.

Akuti mukayambira ku Siq al-Barid, kumene ena amati Petra wamng'ono, makilomita pafupifupi 8 kumpoto kwa Petra, mzinda wakale uja wosemedwa m'matanthwe, kenako muyende wapansi m'mapiri mpaka ku Ad Deir, chinyumba chosemedwa m'thanthwe pamwamba pa phiri ku Petra, popanda wokuperekezani, poti mnzakoyo akuti kulipira munthu wakumeneko n'kutaya ndalama. Iyeyo? Si yemwe uja anakutengera kunyanja uli ku sekondale, n'kukusiya pamchenga ulibe ngakhale ya basi? Bambo ako anagulitsa mbuzi kuti akakutenge. Iwe unaiwala, ine ayi.

Ukamva kuti chipululu usaganize za dzuwa lokha. Malo amenewo ndi mpata wopapatiza pakati pa matanthwe aatali, ndipo mvula ya kumeneko imagwa miyezi yomwe ino, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi. Ikhoza kugwa kutali, pamene waima iwe kumwamba kuli mbee, madzi n'kutulukira mumpatamo ndi miyala ndi matope. Mu 1963 madzi otere anapha alendo ochokera ku France opitirira 20 mumpata wolowera ku Petra. Mu Novembala 2018 anabweranso, alendo masauzande n'kuwathamangitsira kumtunda. Ine napolo wa ku Phalombe mu 1991 ndinamuona ndi maso angawa, mwala waukulu kuposa khitchini yathu utakhala pakati pa munda wa munthu. Sindikufuna kumva kuti mwana wanga anali mumpata madzi akubwera, chifukwa mnzake anakana kulipira woperekeza.

Eni malowo akalekale, anthu a Nabataea, madzi ankawaopa ndi kuwalemekeza. Ku Petra anamanga damu n'kuboola phiri kuti madzi osefukira apatuke asalowe mumzinda. Ku Siq al-Barid komweko ukaona zitsime ndi ngalande zogoba m'thanthwe zosungira madzi a mvula. Anthu amene anakhala kumeneko mibadwomibadwo ankasamala chonchi, ndiye mnzako wongofika dzulo adziwa chiyani?

Komatu ndikunyada, usaone ngati ndangokwiya. Ukaona nyumba zosemedwa m'mwala zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, zipinda zodyeramo amalonda amene ankabwera ndi ngamila atasenza lubani ndi mure kuchokera kumwera kwa Arabia. Pali chipinda china chokwera masitepe, kudenga kwake anajambulako mipesa ndi mbalame, utoto wake ulipobe. Chimenecho ukandijambulire. Mfumu Areta imene timawerenga pa 2 Akorinto 11:32, nthawi ija Paulo anamutsitsa mudengu ku Damasiko, inali mfumu ya anthu amenewa. Uli wamng'ono nkhani imeneyi unkaikonda, mpaka kulowa mudengu langa la chimanga kuti ndikunyamule.

Tsono tamvera. Ukafika ku Wadi Musa, tauni ya pafupi ndi Petra, funa Mbeduwini, munthu wa m'chipululu momwemo wodziwa njira, umulipire ndi ndalama zako, ngakhale mnzakoyo anyinyirike. Akakuuzani kuti lero kumwamba sikuli bwino, musalowe, mubwerere. Madzi akumwa unyamule ako. Pasipoti ndi khadi yakubanki zikhale m'thumba lako, osati m'chikwama chake. Akati umubwereke, umuuze kuti amayi anakaniza, undinamizire ine, ndilibe nazo kanthu. Ndipo ngati wamwa, galimoto asagwire, iwenso usakweremo.

Ndikudziwa uti amayi ayambanso. Eya ndayambanso. Munthu uja ukamuuza zoona amaseka, ndipo iwe akaseka umafewa, chibadwire uli choncho. Ulendo uno usafewe.

Miyendo yanga ikuchitako bwino, mankhwala aja ndinalandira. Undiimbire musananyamuke ku Wadi Musa, ndipo woperekezayo ndimve mawu ake pa foni.

Ndine mayi ako.