Stone Town ndi mbiri yathu nafenso

A Mkonzi,

Ndikupempha danga ndilankhulepo za Stone Town, tauni yakale ya pachilumba cha Zanzibar yomwe UNESCO idaika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa mu 2000. Mu Disembala 2020 mbali ina ya House of Wonders, nyumba yomwe Sultan Barghash adamanga mu 1883, idagwa ili mkati mokonzedwa. Nkhaniyi idandipweteka mtima, chifukwa malowa sali a anthu a ku Tanzania okha.

Makolo athu ambiri adagwidwa m'midzi, kusonkhanitsidwa ku Nkhotakota kwa a Jumbe, kuwoloka nyanja pa zombo, kenaka kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa, doko la m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania. Ena adakagulitsidwa pa msika wa akapolo wa ku Zanzibar. Msikawo udatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pomwepo a mishoni ya UMCA ya mpingo wa Anglican adamangapo tchalitchi cha Christ Church. Amishoni omwewa ndi amene adadzamanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's pachilumba chathu cha Likoma. Kodi ana athu kusukulu amaudziwa ulusi umenewu?

Nyumba za Stone Town adamangira miyala ya m'nyanja ndi laimu, choncho mvula ndi chinyezi cha mchere zimazidya msanga zikapanda kusamalidwa. Ndalama zochokera kwa alendo ziziyamba zakonza makoma, mahotela pambuyo.

Ndikupempha boma lathu ligwirizane ndi la Tanzania kuti mbiri ya njira ya akapolo, kuchokera ku Nkhotakota kukafika ku Zanzibar, isungidwe ndi kuphunzitsidwa mokwanira m'sukulu.

Wowerenga wanu,
Nkhotakota