Timve Zimene a Kabaza Amanena pa Ntchito Yawo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya anyamata ndi abambo amene amanyamula anthu pa njinga zamoto, omwe tonse timawatchula kuti a kabaza. Dzina lawo likamveka pa wailesi kapena likalembedwa m'nyuzi, kawirikawiri nkhani yake imakhala ya ngozi, ya kusowa ziphaso, kapena ya kulimbana ndi apolisi apamsewu, ndipo amene amafunsidwa maganizo ndi akuluakulu a boma, madokotala ndi apolisi omwewo. Sindikutsutsa kuti mavuto amenewa alipo ndiponso kuti ndi odetsa nkhawa. Chimene chikundikhudza n'chakuti eni akewo sitiwafunsa mmene amaionera ntchito yawo, chikhalirecho zimene amakambirana akakhala okhaokha zimaonetsa poyera kumene ngozi zambiri zimachokera.

Ine ndimagulitsa zipangizo za njinga zamoto pa Mponela m'boma la Dowa, pafupi ndi steji imene a kabaza amadikirira anthu otsika minibasi za mumsewu wa M1. Dzuwa likafika paliwombo, okwera n'kuchepa, ambiri amabwera kudzakhala pamthunzi wa khonde langa, ndipo nkhani imene siitha pakamwa pawo ndi ya ntchito: imene ankagwira kale, imene anaphunzira koma sanaipeze, ndi imene akuigwira lero. Munthu wodutsa amangoona gulu limodzi la anthu ovala majekete afumbi, koma mukakhala nawo mumapeza kuti anafika pa stejipo kudzera m'njira zosiyana kwambiri. Pali mlimi amene anagula njinga atagulitsa fodya ku Kanengo kapena soya kwa mavenda, ndipo mvula ikagwa amaimika njinga m'mawa kuti ayambe wapita kumunda. Pali kalipentala amene zida zake zili m'nyumba chifukwa matabwa anakwera mtengo ndipo anthu anasiya kuitanitsa mipando. Pali amene anabwerako ku Joni ndi ndalama zochepa zimene anaona kuti sizingamange nyumba koma zingagule njinga yamoto ya Lifo kapena King Lion. Pali amene anapalasa kabaza wa njinga yakapalasa kwa zaka zambiri mpaka mawondo anayamba kuwawa. Ndiye palinso anyamata amene ali ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama, ena mpaka anaphunzira zauphunzitsi, amene akudikira kuti tsiku lina adzaitanidwa.

Amene amalankhula mokondwa kwambiri za ntchitoyi ndi amene njinga ndi yawoyawo. Iwo amanena kuti chimene amachikonda ndi ufulu, popeza palibe kapitawo wowawerengera nthawi, ndipo kukagwa maliro kumudzi amapita osapempha chilolezo kwa munthu. Amanenanso kuti ndalama ya kabaza, ngakhale ndi yochepa, imabwera tsiku lililonse, pamene mlimi wa fodya amadikira chaka chathunthu ndipo wa pa tikiti amafika pakati pa mwezi atayamba kale kukongola kwa akatapila. Bambo wina wachikulire, amene anagwirapo ntchito yaulonda mumzinda wa Lilongwe, amakonda kunena kuti pa zaka zonse zimene analondera chuma cha eni ake sanagulepo ngakhale lata limodzi, koma njinga yamufoleretsa nyumba ndi kulipirira mwana sukulu ya sekondale. Munthu ameneyu mukamuona mmene amasamalira njinga yake mumadziwa kuti ntchitoyi amailemekeza. M'mawa uliwonse amayamba wayang'ana oyilo, kugwira tcheni ngati chalimba bwino, ndi kuponda mabuleki kangapo asananyamule munthu, ndipo mdima ukayamba amaweruka ngakhale okwera atakhala ambiri chotani. Anzake amamuseka kuti amayenda ngati akuperekeza mkwatibwi, iye n'kumangoyankha kuti kuthamanga sikufika.

Anyamata a sukulu aja amalankhula mosiyana. Mawu amene ndimawamva kwambiri kwa iwo ndi akuti akungogwirizira, kutanthauza kuti mtima wawo uli kwina ndipo njingayi ndi pongodikirira. Ena amachita manyazi kunyamula munthu amene anaphunzira naye kalasi imodzi, ndipo ena sauza makolo a chibwenzi chawo ntchito imene amagwira. Ine sindiwaweruza, chifukwa kuyambira ali aang'ono tinawauza kuti sukulu idzawalowetsa mu ofesi, ndipo dziko lathu, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, theka la iwo osafika zaka 18, lilibe maofesi okwanira ana onsewa. Koma vuto la munthu wongogwirizira n'lakuti saona chifukwa chowonongera ndalama pa laisensi, pa chisoti chabwino, kapena pa maphunziro a malamulo apamsewu, poti m'maganizo mwake chaka chamawa adzakhala atachoka. Zaka zimapita, iye akadali pa steji pomwepo, akuyendetsabe ngati mlendo pa ntchito imene yasanduka moyo wake.

Gulu limene ndikufuna kuti owerenga alimvetse bwino ndi la amene amayendetsa njinga za eni ake, ndipo pa steji yathu amenewa ndi ambiri. Mwini njinga, amene angakhale mphunzitsi, wabizinesi, kapena wogwira ntchito m'boma, amapereka njinga kwa mnyamata n'kumuikira tageti, ndalama imene ayenera kubweretsa madzulo alionse kapena pakutha pa sabata, kaya kunali okwera kaya kunalibe. Petulo ndi wa mnyamatayo, chakudya chamasana n'chake, tayala likaphulika kawirikawiri ndi yekha, ndipo apolisi akamugwira chindapusa chimatuluka m'thumba mwake. Zimene zatsala akachotsa zonsezi ndiye malipiro ake. Ena amagwirizana kuti akapereka tageti mokhulupirika kwa miyezi yakutiyakuti njinga idzakhala yawo, koma mgwirizano wake umakhala wapakamwa, ndipo ndaonapo mnyamata akulandidwa njinga atatsala pang'ono kumaliza, pa chifukwa choti anadwala malungo n'kulephera kupereka kwa masiku ochepa. Analibe pepala lililonse loti akaonetse kwa mfumu kapena kubwalo la milandu.

Mnyamata wotereyu akadzuka m'mawa amakhala ali kale ndi ngongole. Akamanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga pa njinga imodzi, akamapyola galimoto pamalo osaoneka kutsogolo, akamayenda usiku m'njira zimene aliyense akudziwa kuti muli achifwamba, sikuti nthawi zonse n'chibwana ayi, koma akuthamangitsana ndi nambala imene ili m'mutu mwake. Chiyambire pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cha m'shopu mwanga chinakwera, popeza zonse ndi zochokera kunja, ndipo mafuta akasowa a kabaza amagula a m'zigubu pa mtengo woposa umene bungwe la MERA linakhazikitsa. Tageti siitsika chifukwa cha zimenezi, ndipo wokwera naye safuna kuwonjezera. Chimene chimachitika ndimachiona pa kauntala yanga. Mnyamata amabwera kudzafunsa mtengo wa mabuleki, ndimamupatsa, amawatembenuza m'manja kwa kanthawi, amafunsanso mtengo ngati sanamve, kenako amawabweza n'kugula kabotolo ka oyilo kokha, akunena kuti mabulekiwo adzatenga tsiku la msika. Ndimamuona akuchoka atanyamula mayi wobereka mwana kumbuyo, ndikudziwa kuti njingayo siingaime msanga mbuzi itadumphira mumsewu. Ndimayesa kukongoza ena, koma shopu yaing'ono siingakongoze steji yonse.

Akamacheza za mantha awo satchula apolisi poyamba, ngakhale amadandaula nawo kwambiri. Amatchula zinthu ziwiri: wokwera wa usiku amene amakulozera njira yakutchire kumene anzake akudikira kuti akulande njinga, mwinanso moyo, ndi kuthyoka mwendo. Pafupifupi aliyense amadziwa mnzake amene anatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital kapena ku chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe, n'kubwerako ndi zitsulo m'mwendo. Kwa munthu wodya za tsiku lomwelo, miyezi ingapo ali chigonere ndi njala ya banja lonse, ndipo mwini njinga nthawi zambiri amangofunsa za njinga yake n'kupeza mnyamata wina. Lamulo la zantchito la 2000 limati munthu wolembedwa ntchito asapyole maola 48 pa sabata, ndipo lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito la chaka chomwecho limateteza wogwira ntchito amene wavulala ali pantchito. Mnyamata wa tageti amagwira kuyambira mbandakucha mpaka usiku, Lamulungu lomwe, koma palibe amene amamuwerengera ngati wantchito, ndipo iye mwini sadziwa ngati malamulowa amamukhudza. Unduna wa zantchito uyenera kunena momveka kuti anthu amenewa ali mbali iti, chifukwa pakadali pano ali ndi bwana pa nthawi yopereka ndalama koma alibe bwana pa nthawi ya tsoka.

Pa nkhani ya laisensi ndi kulembetsa njinga, sindinamvepo wa kabaza akunena kuti chiphaso n'chosafunika. Amene ali nacho amachinyadira, ndipo amadutsa pa rodibuloko mtima uli m'malo. Amene alibe amawerengera mtengo wa sukulu yoyendetsa, ulendo wopita ku ofesi ya nthambi yoona zapamsewu mumzinda, masiku amene njinga ikhala osagwira ntchito pamene tageti ikuwerengedwabe, ndi inshuwaransi, n'kupeza kuti kupereka kangachepe panjira tsiku ndi tsiku n'kopepuka kusiyana ndi kusonkhanitsa ndalama yonseyo nthawi imodzi. Kuwerengera kumeneku n'kolakwika pamapeto pake, koma munthu wa maluzi amaona za lero. Ngati nthambiyi ikanamabwera pa malo a malonda ngati Mponela, Madisi kapena Lumbadzi pa masiku odziwika, kudzaphunzitsa ndi kuyesa anthu komweko, ndi kulola kuti ndalama ziperekedwe pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ambiri akanalowa m'kaundula mosakakamizidwa. Ku Rwanda oyendetsa njinga zonyamula anthu amavala majekete okhala ndi nambala ndipo amayenda ndi zisoti ziwiri, china cha wokwera, ndipo zimenezi zinatheka chifukwa boma la kumeneko linaitenga ntchitoyi ngati ntchito yeniyeni yokhala ndi dongosolo lake.

Pali zina zimene sizifuna kudikira boma. Pafupifupi steji iliyonse ili ndi tcheyamani ndi komiti, ndipo amasonkherana kale mnzawo akaferedwa. Makomiti amenewa, mothandizidwa ndi mabungwe a kabaza monga MACOKASA, angathe kukhazikitsa lamulo loti njinga ya tageti isalowe pa steji popanda mgwirizano wolembedwa, wosainidwa pamaso pa mboni, wonena ndalama ya pa tsiku, amene akonze njinga ikawonongeka, chochitika woyendetsa akadwala, ndi tsiku limene njinga idzakhale yake ngati anapangana motero. Msonkhemsonkhe wa maliro uja ungathe kukula n'kukhala banki m'khonde kapena SACCO yothandiza wovulala ndi kukongoza wofuna kugula njinga yake, popeza zimene ndaona n'zakuti munthu akangokhala mwini njinga, kayendetsedwe kake kamasintha. Bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA nalo lingathe kuganizira maphunziro aafupi a kukonza njinga zamoto, kuti amene watopa ndi msewu kapena wavulala akhale ndi kolowera m'ntchito yomwe akuidziwa kale.

Sindikuwayeretsa a kabaza. Alipo amene amayendetsa atamwa kachasu, alipo amene amapereka njinga kwa ana osakwana msinkhu, ndipo alipo amene ngozi ikachitika amaunjikana n'kuyamba kumenya dalaivala wa galimoto asanamve chimene chachitika. Khalidwe limeneli ndi loipa, ndipo anzawo okhwima maganizo amadana nalo chifukwa limaipitsa dzina la onse. Komanso ife okwera tili ndi mbali yathu, chifukwa ndife amene timauza woyendetsa kuti athamange poti tachedwa, timakana chisoti poopa kuwononga tsitsi, timakakamira kukwera awiri kuti tigawane mtengo, ndipo timanenerera mpaka ndalama yotsala isakwane ngakhale petulo wa ulendowo. Tikatsika timawatchula kuti mbuli, koma ndi omwewa amene timawaimbira foni pakati pa usiku mayi woyembekezera akayamba kumva zowawa kumudzi kumene ambulansi siifika msanga, ndipo nthawi ya dzinja, misewu ya fumbi ikasanduka matope, ndi iwo amene amafikitsa feteleza, odwala ndi aphunzitsi kumene galimoto yalephera.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mutumize atolankhani anu ku masteji a m'maboma, akakhale pansi ndi anthuwa nthawi ya masana pamene ntchito yachepa, akawafunse ntchito imene ankagwira kale, mwini wa njinga imene akuyendetsa, ndalama imene amapereka madzulo ndi imene imatsala m'thumba. Akafunsenso eni njinga, amene ambiri mwa iwo amawerenga nyuzipepala ino, ngati anayamba aonapo laisensi ya mnyamata amene anamupatsa makiyi, ndiponso tsiku limene anagula mabuleki komaliza.

Ine wanu,
Wogulitsa zipangizo za njinga zamoto,
Mponela, Dowa