Timagalimoto ta ana ku America: ntchito yaikulu ili m'manja mwa makolo

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za mpikisano wa timagalimoto timene ana a ku America amayendetsa pa mabwalo aang'ono ozungulira ngati dzira. Anthu ambiri akaona kanema wa mwana wa zaka 6 akukhota pakhona mwaliwiro amagwira pakamwa, amati makolo akewo mwanayo sakumufuna. Ena, makamaka owotcherera zitsulo, amaizindikira injiniyo n'kuyamba kuganiza zopanga kawo. Onsewa tikufuna adziwe zimene kanemayo saonetsa, chifukwa chimene chimasunga moyo wa mwanayo ndi malamulo okhwima ndi manja a makolo ake.

Timagalimototi amatitcha quarter midget, ndipo masewerowa anayambira cha ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1930. Oyendetsa ndi ana a zaka 5 mpaka 16, anyamata ndi atsikana pamodzi, pansi pa mabungwe monga Quarter Midgets of America ndi United States Auto Club. Bwalo lake ndi la phula, konkire kapena dothi, lotalika pafupifupi mamita 80 kuzungulira kamodzi, ndipo mwana amalimaliza masekondi 10 asanakwane, akukhotera kumanzere kokhakokha. Jeff Gordon, amene anakhala katswiri wa NASCAR (mpikisano waukulu wa magalimoto ku America) kanayi, anayambira pomwepa ali ndi zaka 5. Joey Logano nayenso anayamba ali ndi zaka 6.

Injini zofala ndi Honda GX120 ndi GX160, zomwezi zimene kwathu kuno zimapopa madzi kudimba ndi kuyendetsa majenereta. Palinso za Briggs & Stratton. Mwana wongoyamba samupatsa mphamvu yonse. Pakati pa kabuleta ndi injini amaikapo kachitsulo kokhala ndi kabowo kakang'ono kuti mpweya ndi petulo zizilowa pang'ono, ndipo amamusinthira ka bowo lokulirapo akaonetsa kuti chiwongolero wachigwira ndipo mbendera akuzimvera: yobiriwira kunyamuka, yachikasu kuchepetsa liwiro osapitirira mnzake, yofiira kuima, yakuda kutuluka m'bwalo. Sitata palibe. Kholo ndilo limakankha kagalimoto mpaka injini italira.

Chitetezo ndiye mutu wa nkhani. Mwana amakhala mkati mwa khola la mapaipi achitsulo olimba, ndipo pakati pa chipewa chake cholimba choteteza mutu ndi paipi ya pamwamba payenera kutsala mpata, kuti galimoto ikagubuduka pansi pagunde chitsulo. Malamba amagwira malo asanu: mapewa onse awiri, chiuno mbali zonse, ndi limodzi lodutsa pakati pa miyendo loletsa mwana kutsetsereka pansi pa lamba wa m'chiuno. Mukamanga, muuzeni aweramire kutsogolo. Akatha kuwerama, kokaninso. Palinso timalamba tomanga m'mikono, poti munthu aliyense akamagwa amatambasula dzanja kuti adzitchinjirize, ndipo dzanja lotuluka kunja kwa khola limaphwanyidwa ndi galimoto yomweyo. Khosi limakhala ndi chochirikiza chake, jekete ndi magolovesi ndi zosagwira moto msanga, ndipo batani lozimitsira injini limakhala pamene dzanja la mwana lifika. Chizolowezi chathu chogula yunifolomu yaikulu kuti adzakuliremo chisafike pa chipewa. Chipewa chokhwepa chimatembenuka pa nthawi ya ngozi n'kusiya mutu pamtunda.

Luso la makolo limaonekera kwambiri pa matayala. Pakhona, tayala la kunja limayenda mtunda wautali kuposa la mkati, choncho tayala la kumbuyo la kumanja amaika lokulirapo kuposa la kumanzere. Gubuduzani ndowa pansi muone: imakhotera yokha kumene kuli kochepa. Kusiyana kumeneku amati stagger, ndipo amakuyeza pozunguliza tepi pa tayala atalipopa kale. Kukachepa, galimoto imakana kukhota, mphuno yake imalunjika kukhoma, mwana amachita kuchotsa phazi pa moto n'kutsalira. Kukachuluka, kumbuyo kumathawa ndipo galimoto imazungulira pakati pa anzake. Tayala likatentha mpweya umakwera ndipo kukula kwake kumasintha, ndiye muyeso wa m'mawa kukuzizira sungadaliridwe masana dzuwa litawotcha phula. Nthawi zina matayala amagwira kwambiri moti mbali ya kumanzere imanyamuka, galimoto n'kumayenda ndi matayala awiri, ndipo pamenepo kugubuduka kuli pafupi. Kholo lodziwa limasintha chinthu chimodzi chokha, n'kulemba m'kope, n'kumutumiza mwana akazungulire, kenako n'kumufunsa kuti galimoto ikutani polowa pakhona, pakati pake ndi potuluka. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza kapena chawononga.

Tcheni chimagwetsa ambiri. Cholimba kwambiri chimadya mphamvu ya injini ndi kutha mano a magiya, chokhwepa chimadumpha, mpikisano n'kuthera pomwepo. Oyilo mu GX160 ndi wochepa, wongopitirira pang'ono theka la lita, choncho amasinthidwa pafupipafupi. Mabawuti onse amapimidwa ndi sipanala galimoto isanalowe m'bwalo, chifukwa injini ya silinda imodzi imanjenjemera ndipo imawamasula.

Ntchito za pa bwalo amagwira ndi makolo omwewo, mongodzipereka. Wina aimika mbendera, wina awerenga maulendo, ena aima pafupi ndi makhona okonzeka kuthamangira galimoto yogwa mbendera yachikasu ikakwera. Mpikisano ukatha, galimoto ndi mwana wake amakwera pa sikelo. Ikapepuka kuposa muyeso wa gulu lake, chipambano chimafufutidwa ngakhale mwanayo anafika poyamba, ndipo zitsulo zowonjezera kulemera ziyenera kumangidwa ndi mabawuti kuti zisauluke. Injini za opambana zimatha kumasulidwa pamaso pa oyendera. Zimatipweteka mtima kuti kholo lina limakulitsa mobisa kabowo kaja, wolangidwa n'kukhala mwana amene sanagwire n'komwe sipanala.

Pempho lathu kwa inu akonzi ndi lakuti mukamasindikiza zithunzi za masewerowa muzionetsanso khola, malamba ndi mpanda wa bwalo. Kwa amisiri amene injini ali nayo kale, iyo ikhale yomaliza kuikidwa. Yambani ndi khola la paipi yokhuthala, osati yopyapyala yopangira mipando, kenako buleki, malamba ndi chozimitsira, ndipo kagalimotoko kasayesedwe pamsewu wodutsa anthu ndi njinga. Chipewa chimene chagundapo mwamphamvu chisavalidwenso ngakhale kunja chikuoneka chabwino, chifukwa chofewa cha mkati chimaphwanyika kamodzi ndipo sichibwereranso.

Ndife,
Okonda masewero a galimoto