Tisaiwale Box 2 ife a ku Joni

Akonzi,

Kuno ku Johannesburg zotsatira za MSCE zikangotuluka timakangana pa WhatsApp kuti sukulu yeniyeni ndi iti, ine ndimati Zomba Catholic, ija timangoti Box 2. Inatsegulidwa mu 1942 masekondale ali osowa, Blantyre Secondary itangoyamba mu 1940, ndipo mabulaza a Marist aiyendetsa zaka zambirimbiri. Chinsinsi chake ndi mwambo basi, pemphero, prep ya usiku mnyamata ali chete pa desiki buku lili m'manja, nchifukwa chake amakhoza ndi mapointi ochepa chonchi. Tsono inu akuluakulu amene munadya nyemba za pamenepo ndipo lero mukulandira marand, tiyeni tisonkhe tigule mabuku ndi zipangizo za mu labu, tikweze pa basi ku Park Station.

Wowerenga wanu,
Johannesburg