Mpweya wa m'matayala a njinga za mawilo atatu sayesa ndi chala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga oyendetsa njinga zamoto za mawilo atatu, zija zadzaza muno m'Chipata kututa chimanga, mtedza, makala ndi matimati kuchokera ku Chadiza, ku Vubwi ndi m'midzi ya msewu wa ku Lundazi. Ntchito yanga ndi yomata ndi kupopa matayala kufupi ndi msika wa Kapata. Matayala ambiri amene amandipeza ataphulika amakhala akadali ndi mano. Chimawapha ndi mpweya wolakwika.

Mnyamata akafika amangoti, "Madala, popani mpaka lilimbe." Akatero amalimenya ndi chidendene kapena kulidina ndi chala chachikulu, n'kunena kuti lakwana. Koma tayala lolembedwa 8PR, chizindikiro cha kulimba kwake, lili ndi khoma lochindikala, moti mpweya ungatsike kwambiri chala osamva kanthu. Chodziwa zoona ndi geji, kachida koyezera mpweya, ndipo mtengo wake sufika pa wa chubu chatsopano ndi tsiku lotayika pamsewu.

Masiku ano kwabukanso zina. Achinyamata akuonera mavidiyo pa Facebook ndi YouTube, anthu akuliza njinga za mawilo atatu mumchenga matayala ali wefuwefu, ndiye akubwera kudzati ndiwaphwetsereko nawonso. Njinga zimenezo ndi mtundu wina. Kampani ya Honda inazitulutsa mu 1970, zinkadziwika kuti ATC, ndipo zoyambirira zinalibe masipuling'i n'komwe. Tayala lotupa ngati dzungu ndilo linkameza mabampu onse. Pambali pake pamalembedwa manambala monga 22x11-8, kutanthauza mainchesi 22 msinkhu, 11 m'lifupi, ndi rimu ya mainchesi 8. Limayenda ndi mpweya wa 2 kapena 3 psi basi (psi ndi muyeso wa mpweya), pamene galimoto yaing'ono imafuna cha m'ma 30. Geji wamba ya pamalo omwetsera mafuta singano yake sisuntha n'komwe pa mpweya wochepa chonchi, pamafunika geji yakeyake.

Ina yotere, yakalekale, munthu wina amabwera nayo kwa ine kuchokera pa famu ina ya kumsewu wa ku Mfuwe. Mawilo ake akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi chopanda difu, chida chija cholola wilo lina kuzungulira mofulumira kuposa linzake pokhota, ndiye onse amazungulira pamodzi. Tayala limodzi likangotupa pang'ono kuposa linzake, njinga imakokera mbali imodzi. Ine ndimatenga chingwe, kuzunguliza tayala lakumanzere, kuika chizindikiro ndi makala, kenako kuzunguliza lakumanja, n'kumapopa kapena kuphwetsa mpaka chizindikiro chigwirizane. Dziwaninso kuti ku America analeka kugulitsa zatsopano za mtunduwu mu 1988 chifukwa zinkagubuduzika pokhota n'kupha anthu, ana omwe. Zinapangidwira munthu mmodzi, osati matumba.

Zathu zino ndi zonyamula katundu. Matayala ake ndi ang'ono m'lifupi, monga 4.50-12 kapena 5.00-12, ndipo chimanyamula matumba a makilogalamu 50 aja si mphira ayi, ndi mpweya uli m'katimo. Mukaliphwetsa muli ndi katundu, khoma la tayala limapindika pa kuzungulira kulikonse, limatentha, ulusi wa m'kati umalekana ndi mphira. Mukalitsegula mumapeza fumbi lakuda la mphira wopereseka, ndi mzere wozungulira m'kati monse. Tayala lotere latha, palibe chigamba chingalipulumutse. Mukagunda mwala, rimu imaluma chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana. Nthawi zina tayala limatsetsereka pa rimu n'kuzula valavu, ndipo apo ndiye chubu chapita. Eni ake amati awaponyera msomali, ena mpaka kukayikira anzawo a pa siteji, chonsecho msomali palibe.

Kupopa mopitirira nakonso kuli ndi zake. Pa msewu wafumbi wa mabampu ang'onoang'ono njinga imangodumphadumpha, mabauti amamasuka, mowotcherera mumang'aluka, matimati a amayi amafika ku Saturday Market ali madzi okhaokha. Tayala limagwira pansi ndi pakati pokha, ndiye pokhota limaterereka, ndipo chitsa kapena munga zimaliboola mosavuta chifukwa silifewa kuti lizipewe.

Nambala yoyenera ili m'buku la njingayo kapena pa kachitsulo komatidwa pa thupi lake. Imene ili pakhoma la tayala, pafupi ndi mawu akuti MAX LOAD, ndi malire, ndipo mawu akuti COLD pambali pake akutanthauza kuti muyeze tayala lisanayende. Yezani m'mamawa. Mpweya umakwera pafupifupi 1 psi kutentha kukakwera ndi madigiri 5 kapena 6, choncho masana a mu Okutobala, mutayenda pa tala wa Great East Road kuchokera ku Katete, geji idzaonetsa nambala yokwera. Musaphwetse. Likazizira usiku lidzabwerera, ndipo amene anaphwetsa masana amadzuka ndi tayala loperewera. Geji ina imalemba bar m'malo mwa psi. Bar imodzi ndi 14.5 psi.

Kodi ndiye kuti mumchenga musaphwetse konse? Mungathe, pang'ono, mwachitsanzo powoloka mtsinje wouma. Tayala limatambasuka pansi ndipo silikumba. Koma muziyenda pang'onopang'ono, katundu akhale wochepa, ndipo pampu ikhale pansi pa mpando kuti mubwezere mukangotuluka. Amene alibe pampu asayerekeze.

Pogula tayala, yang'anani kumene mumayenda kwambiri. La mano akuluakulu opendekera limathandiza m'matope a Januwale ndi Febuluwale, makamaka m'dothi lamakande lija limamata, chifukwa limataya matope likamazungulira. Lili ndi kamuvi kosonyeza mbali yozungulirira, ndipo mukalitembenuza mwataya ndalama. Pa tala limatha msanga ndiponso limalira. Akumbuyo awiri akhale a mtundu umodzi ndi saizi imodzi. Chatsopano kuno, chakutha uko, ndiye kuti difu ikugwira ntchito ngakhale pa msewu wowongoka. Matayala ambiri alinso ndi manambala anayi osonyeza nthawi imene anapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala likhoza kukhala losayendapo koma lokalamba, mphira wake utauma pashelefu. Lipindeni pang'ono musanalipire, muone ngati pakati pa mano pali timing'alu.

Pempho langa lipite kwa ogulitsa njingazi muno m'tauni: lembani nambala ya mpweya ndi penti pamwamba pa wilo lililonse, ndipo muike geji m'bokosi la zipangizo, pakuti mabuku ambiri amabwera m'chilankhulo chimene ogula sawerenga. Nawo a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, akamaphunzitsa oyendetsa njinga za chipewa ndi laisensi, aonjezereko mphindi zochepa za matayala.

Ine wanu,
Womata matayala,
Kapata, Chipata