Kalata yopita ku Indiana, ku America: za kutopa kwa mwana wathu uja

Mnzanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, tulo n'kundithawa. Kuno tilipo, kungoti magetsi azima chim'mawa, moti ndikulemba ndi kandulo. Ukwati wa mng'ono wako unayenda bwino, zithunzi ndidzatumiza. Nkhuku za oyandikana nafe aja zathanso mpiru wanga wonse.

Tsono za mwanayo. Ukuti akachoka kumasewera ogwetsana amangodziponya pampando, nsima osaiyang'ana, ndipo wina wakuuza kuti ukamupatsitse ozone. Iweyo amene unkathawira kuchimbudzi tsiku la katemera kusukulu, lero ukufuna mwana akamubaye m'mitsempha? Usafulumire, chonde.

Ozone ndi okosijeni yemweyu, koma wa maatomu atatu m'malo mwa awiri, ndipo ukaupuma umawononga mapapo. N'chifukwa chake ochita zimenezi amatenga magazi m'thupi, n'kuwasakaniza ndi mpweyawo, n'kuwabwezeramo. Magazi a mwana wa zaka 16! Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala kwanu komweko, linalemba m'malamulo ake kuti ozone ndi mpweya wapoizoni wopanda ntchito yodziwika pochiritsa matenda. A WADA, bungwe lolimbana ndi chinyengo cha mankhwala pamasewera padziko lonse, nawonso amaletsa kubwezera magazi m'thupi la wosewera, ngakhale atakhala ake omwe. Stefan van Dijk, wopalasa njinga wa ku Netherlands, anamuletsa kupikisana kwa zaka 8 mu 2013 chifukwa cha zomwezi.

Koma chandisowetsa mtendere ndi chimene walemba kumapeto ngati nkhani wamba: kuti tsiku lokakwera sikelo, loona ngati sanapitirire kulemera kwa gulu lake lopikisana, likayandikira amalavulira m'botolo usiku wonse, n'kumathamanga atavala majuzi atatu. Mnzanga, mwanayo akudziumitsa. Thupi lopanda madzi ndi chakudya lingapande kutopa bwanji? Mu 1997 anyamata atatu ochita masewera ogwetsana m'makoleji a ku America komweko anamwalira m'milungu isanu yokha akuchepetsa thupi mwa njira imeneyi. Mmodzi anali Jeff Reese wa ku yunivesite ya Michigan, pafupi nanu pomwepo. Ndikatseka maso ndikumuona mwana wathu ali kakhanda, ndikumubereka kumbuyo pamene iwe unkalemba mayeso, ndiye mtima ukungoti phaa.

Pita naye kwa dokotala weniweni akamuyeze magazi ngati ndi okwanira. Ukawauzenso kuti anabwera kuno patchuthi n'kukagona kunyanja, chifukwa kumeneko malungo sawaganizira msanga ukapanda kuwatchula wekha. Umufunse mkodzo wake ukuoneka bwanji. Achita manyazi, koma umufunsebe. Ukakhala wodera ngati tiyi, wadziwa kuti m'thupi mwake madzi achepa.

Agogo ake sindinawauze, BP yawo siinakhazikike kuyambira maliro aja.

Kandulo yatsala kachidutswa. Mphunzitsi wake wamasewerayo ukamuuze kuti mwanayo akwere gulu la olemera pang'ono, asamalimbane ndi sikelo, ndipo akakana iweyo ungo