Kalata kwa Amayi: za chipepeso chija

Johannesburg

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti inu, bambo ndi ana nonse mukudzuka bwino. Ine kuno ndikupezako. Bala la kumutu lomwe matsotsi anandivulaza lija lauma, koma chikhakha chikadali pamkono wamanzere, adokotala akuti achotsa pakatha masabata atatu. Usiku mkonowu umabaya, poti kuzizira kwa Joni mwezi wa June kumalowa mpaka m'mafupa.

Chandilembetsa ndi zomwe mlongo wanga wandiuza pafoni, kuti amalume akuuza anthu zoti boma la kuno lindipatsa chipepeso chochuluka, ndipo inu mwayamba kale kufunsa mtengo wa malata. Amayi, chonde musakongole kanthu kwa munthu podalira ndalama imeneyo. Ndalamayo kulibe.

Amalume sindikuwada. Iwo akukumbukira za agogo athu a pa Wenela, oti munthu akavulala mumgodi ankabwerako ndi kenakake. Chipepeso kuno chilipodi, koma chili ndi makomo ake. Wogundidwa ndi galimoto amapita ku Road Accident Fund. Wovulala ali pantchito amathandizidwa ndi Compensation Fund, motsatira lamulo la 1993. Ine matsotsi aja anandipeza nditaweruka kale, nditatsika taxi, ndikuyenda wapansi kupita kunyumba. Munthu wovulazidwa ndi achifwamba pamsewu alibe thumba la boma lomulipira. Ndinachita kufunsa kawiri kwa mayi wina wodziwa malamulo, chifukwa nanenso sindinkakhulupirira. Ikanakhala galimoto yandithyola mkono womwewu, bwenzi pali poyambira. Zimenezi zimandiwawa kuposa balalo.

Zoyenera kuchita ndinachita. Kupolisi ndinapita, nambala ya mlandu ananditumizira pa uthenga wa pafoni ya mnzanga, poti yanga inapita. Anandipatsanso fomu yotchedwa J88, yomwe dokotala amalembapo mabala onse kuti ikhale umboni kukhoti. Mayi aja anandifotokozera kuti anyamatawo atagwidwa n'kupezeka olakwa, gawo 300 la lamulo la 1977 loyendetsera milandu limalola khoti kuwalamula kubweza katundu wotayika, monga foni ndi malipiro anga a sabata omwe anali m'thumba. Za mkonowu ndi masiku omwe ndakhala osagwira ntchito, ndiye kuti ndiwasumire ndekha pasanathe zaka zitatu. Kuli khoti laling'ono lomwe silifuna loya, limaweruza nkhani za ndalama zochepa.

Koma nanga ndisumira ndani? Kunali mdima, nkhope sindinaione ndi imodzi yomwe, ndipo mpaka lero palibe wagwidwa. Ngakhale atagwidwa, munthu wothyola mnzake mkono chifukwa cha foni yakale angakhale ndi chiyani choti khoti limulande?

Masiku ano ndikagona ndimaganiza za bwalo la kwa amfumu. Kwathu munthu akavulaza mnzake, a kubanja kwake amabwera atazolika, nkhani imakambidwa pansi pa mtengo, mbuzi imatuluka m'khola. Mbuziyo siilumikiza fupa, komabe wovulala amamva pakamwa pa wolakwa kuti pepani, mudzi wonse ukumva. Zimatheka chifukwa wolakwayo ali ndi mtundu wake, amadziwika kwawo. Kuno ngakhale mlandu utayenda bwino, umakhala wa boma ndi wakubayo, ine n'kungokhala mboni.

Musaganize kuti ndili ndekha. Anzathu a kumudzi omwe timapemphera limodzi anasonkha, lendi ya mwezi uno alipira, ndipo amayi a m'gululo akusinthana kundibweretsera ndiwo. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi ndiye amandithandiza kuvala malaya m'mawa. Abwana akuti malo anga andisungira, ngakhale masiku ojombawa salipira.

Ndiye pa Mukuru simulandira kanthu mwezi uno ndi wamawa. Fizi ya mwana, gulitsani tonde uja, mbuzi zazikazi musakhudze. Za feteleza tikambirana ndikayamba ntchito, nthawi ikadalipo mvula isanagwe. Amalume muwawerengere kalatayi mwaulemu, kuti nkhani ya chipepesoyi ithe m'mudzimo anthu asanayambe kubwera kudzabwereka.

Mupereke moni kwa bambo, ndipo muwauze kuti zala zikugwedezeka zonse zisanu.

Ndine mwana wanu.